Bala la opaleshoni mukafika nalo kumudzi

Mwana wa achemwali anga, amene anapita chitengwa cha kumtunda kwa Bembeke, anachira mwa opaleshoni mwezi wa June chaka chatha. Anamulowetsa ku fiyeta Lachiwiri usiku, Lachisanu n'kumutulutsa m'chipatala, khanda lili bwinobwino. Ine ndinali kumaliro ku Ntcheu, choncho ndinakamuzonda Lolemba. Ndinamupeza m'chipinda chamdima, mbaula ili pakona, iye atafunda mabulangete awiri, pamimba atam'kulunga zitenje zitatu zothina ngati mtolo wa nkhuni.

"Bala lili bwanji, mwana wanga?"

"Lili bwino, amayi aang'ono. Kungoti usiku likumagunda."

"Unaliona liti?"

Anangozyolika. Apongozi ake ndiwo anayankha, mwaulemu ndithu: "Musadandaule anesi, ifetu tikumuthowa m'mawa ndi madzulo."

Titamasula zitenjezo, fungo ndi limene linayamba kutilonjera. Chakumanzere kwa msoko kunali kotupa, khungu likunyezimira ngati apakapo mafuta, ndipo nditayikapo kuseri kwa dzanja langa ndinamva kutentha ngati kwa mbatata yongophula kumene paphulusa. Pakati pa ulusi panali tiufa tachikasu. Mwamuna wake anali atagula makapisozi pagolosale, n'kumawatsegula, ufawo n'kumawaza pabala. Onse atatuwa palibe amene ankafuna zoipa. Aliyense anachita zomwe ankadziwa, ndipo ine, amene ndinagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma, sindinakhale naye pansi mwanayu asanatuluke. Ndinkangoti a kuchipatala amuuza. Mwina anamuuzadi, koma munthu wongotuluka kumene, ululu uli m'thupi, khanda likulira, maganizo ali pa ya transipoti, amamva theka la zonenedwa.

Zimene ndinayenera kumuuza ndi zimene ndikulemba panozi. Ndikamba kwambiri za amayi ochira mwa opaleshoni chifukwa ndi amene ndawaona ambiri, koma bambo amene wapangidwa opaleshoni ya phudzi, mwana wa apendikisi, ngakhale munthu amene amuika chitsulo pamwendo wothyoka, kasamalidwe kake n'komweka.

Poyamba ndinene kuti si bala lililonse lovunda limene lavundira kunyumba. Tizilombo tina timalowa munthu akadali m'chipatala momwemo. Mu 2016 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena kuti m'maiko osauka ngati athu ano odwala 11 pa 100 aliwonse opangidwa opaleshoni bala lawo limalowa tizilombo, ndipo kuno ku Africa, pakati pa amayi ochira mwa opaleshoni, chiwerengerocho chimatha kufika 20 pa 100. Ndiye bala likavuta musayambe kulozana zala, kapena kubisa poopa kukalipiridwa ndi anamwino. Chofunika kudziwa n'chakuti vutolo kawirikawiri silionekera muwodi. Limadzatulukira patatha masiku anayi, asanu, sabata kapena masiku 10, munthu ali kale kwawo, ndipo nthawi yoopsayi imafika mpaka masiku 30. Wachitsulo m'fupa amatha kuona vuto ngakhale patapita miyezi. Paja amati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Kutuluka m'chipatala si kuchira.

Ngati opaleshoni yanu ndi yochita kukupatsani tsiku, sambani thupi lonse ndi sopo usiku wake kapena m'mawa wa tsikulo. Musadzimete nokha ndi lezala pamalo ong'ambidwapo pofuna kukaoneka aukhondo. Lezala limasiya timabala tosaoneka ndi maso, ndipo tizilombo timaswana m'menemo usiku wonse. Ngati tsitsi lifunika kuchotsa, akachotsa okha. Auzeni adokotala ngati muli ndi matenda a shuga, ngati mumamwa ma ARV, ngati mumasuta. Fodya amachepetsa magazi ofika pakhungu, bala n'kumachedwa kulumikizana, choncho msiyeni milungu ingapo tsikulo lisanafike.

Tsiku lotuluka musanyamule chikwama musanafunse mafunso awa, ndipo gadiyani wanu akhale pomwepo akumva. Ulusi umenewu ndi wosungunuka wokha kapena wodzachotsa? Ngati ndi wochotsa, tsiku lanji, ndipo kuti, pachipatala chaching'ono chakwanu kapena kuboma? Bandejiyi ichoke liti? Mankhwalawa ndi a chiyani, a masiku angati? Pemphani kuti akulembereni m'buku lanu la kuchipatala. Ulusi wa pamimba nthawi zambiri umachotsedwa pakati pa masiku 7 ndi 10, koma tsiku lenileni ndi limene anena amene anasoka. Mukamakwera kabaza kapena galimoto m'misewu yathu ya mabampuyi, pindani chitenje choyera kanayi, muchigwirizire pabala ndi dzanja. Chitaninso chomwecho mukafuna kutsokomola, kuyetsemula kapena kuseka.

Masiku awiri oyambirira bandeji ya ku fiyeta siyenera kusuzumiridwa. Ndi nthawi imene milomo ya bala imagwirana n'kutseka njira ya tizilombo. Ikanyowa kapena kudzaza magazi, auzeni anamwino asinthe. Ambiri mumakhala mukadali muwodi nthawi imeneyi, ndiye sindichulutsapo gaga.

Nkhani yaikulu imayambira kunyumba, ndipo imayambira m'manja.

Kusamba m'manja kumene ndikunena si kuja timachita tikamadya nsima, beseni limodzi kuyambira kwa abambo mpaka kwa mwana wotsiriza. Wina akuthirireni madzi ndi jagi kapena kapu, madziwo azigwera pansi. Pakani sopo, ngakhale wochapira yemweyu, tikitani zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala, zala zazikulu ndi m'zikhadabo, mukuwerenga pang'onopang'ono mpaka 40. Zikhadabo zikhale zowenga. Mukatsukuluza musapukutire chitenje chomwe mwavala, chija mwapukutira mamina a mwana ndi kugwirira poto. Kupizani manja m'mwamba aume okha. Chitani zimenezi musanagwire bala komanso mukatha, ndiponso nthawi iliyonse mwachoka kuchimbudzi, mwasintha thewera kapena mwasintha nsalu ya kumusi. Wogwira bala akhale mmodzi kapena awiri odziwika. Alendo odzaona mwana aone mwana. Pali amayi ena okonda kunena kuti "tatiyeni tione m'mene anakusokerani", chala chili kale m'njira. Akanizeni mwaulemu.

Pakatha masiku awiri aja, ngati adokotala sananene zina, munthu akhoza kusamba, ndipo ayenera kusamba tsiku lililonse. Ndikudziwa kuzizira kwa kuno. Mwezi wa June ndi July chifunga chimakuta phiri la Dedza mpaka dzuwa litakwera, madzi a pamjigo amaluma zala, ndipo munthu wodwala amangoti ndisamba mawa. Sankhani masana dzuwa likatentha. Wiritsani madzi mpaka abwadamuke, muwasiye azizire mpaka akhale ofunda moti chigongono chikhoza kukhalamo osamva kuwotcha. Beseni likhale lakelake, lotsukidwa ndi sopo, osati lomwe mumanyikamo matewera. Asambe choimirira kapena atakhala pakampando, azithira madzi ndi kapu kuchokera kumtunda kuti angodutsa pabala. Chinkhupule, mwala wotsukira mapazi ndi kansalu kokhulira thupi zisayandikire pamsoko. Kukhala m'madzi, kapena kukasamba kumtsinje ndi kudambo, ayi, kufikira bala litapoleratu.

Ngati akuuzani kuti muzitsuka balalo panokha, madzi a mchere ndi okwana. Mu lita imodzi ya madzi owiritsa sungunulani mchere masupuni aang'ono a tiyi awiri, osasefukira. Mukawalawa amveke ngati misozi. Akamaluma lilime mwachulutsa, ndipo aluma bala. Viikani kansalu koyera, pukutani kamodzi kutsata msoko, kansaluko n'kukaika padera. Tengani kena kopukutira m'mbali, kuchoka pabala kupita kunja, osati kukokera litsiro la pakhungu kubwera nalo pabala. Madzi otsala tayani, mawa mupange ena.

Kenako kuumitsa, kumene anthu ambiri amakupeputsa. Musakhule, ingogundizani kansalu kouma pang'onopang'ono. Kwa amayi onenepa, kapena amene mimba yagwera pansi, msoko umabisala m'khwinya pamwamba pa chinena, ndipo m'menemo mumakhala thukuta tsiku lonse ngakhale kunja kukuzizira. Kwezani mimbayo ndi dzanja, umitsani bwinobwino, kenako gonani chagada kwa mphindi 10 kapena 15 mphepo ipitepo musanavale. Mungathe kuikamo kansalu kouma kopinda, n'kumakasintha kakangoyamba chinyezi. Panti amene lamba wake amagwera pamsoko penipeni msiyeni kaye. Valani wamkulu wofika kumchombo, wa nsalu ya thonje, ndipo chitenje muchimangire pamwamba, momasuka.

Tinsalu timeneti tisakusowetseni tulo. Chitenje chakale chofewa kapena shiti yakutha, mukaidula tizidutswa ngati chikhatho, yakwana. Chapani ndi sopo, wiritsani mumphika, yanikani pachingwe padzuwa. Osayanika pansi, pa udzu kapena pampanda, chifukwa pali ntchentche zina zimene zimaikira mazira pa zovala zonyowa, ndipo mazirawo ndi amene amasanduka mphutsi zolowa m'khungu zija. Nyengo yachifunga nsalu imaoneka youma koma ikadali ndi mnyontho, choncho sitani ndi simbi ya makala yotentha bwino mbali zonse ziwiri. Mukasita sungani m'kandowa kotsekera kapena m'jumbo yatsopano, osati pansi pa pilo. Zofunda ndi zogonera nazonso zichapidwe kawirikawiri, ndipo nkhuku, mphaka ndi ana a mbuzi, ngakhale kuzizire bwanji, zigone kwina.

Tsopano za kuthowa. Ine ndinathowedwa nditabereka ana anga, ndipo sindinganame, msana unkamva bwino. Koma mwambo umenewu unayamba kale, amayi onse akuchirira njira ya masiku onse. Mayi wa opaleshoni wadulidwa khungu, mafuta, nyama yolimba yogwira mimba, mpaka chiberekero, ndipo zonsezo zasokedwa chimodzichimodzi. Mukatenga nsalu yoviika m'madzi otentha n'kumakanikiza pamenepo, mukuchita zinthu zitatu nthawi imodzi: mukunyowetsa bala, mukukoka ulusi, ndipo mukhoza kumuwotcha osadziwa, chifukwa khungu lozungulira msoko limakhala ladzanzi kwa milungu yambiri, mwini wake samva kuti madzi atentha mopitirira. Ndinaonapo matuza a moto pamimba ya mayi amene ankaumirira kuti madziwo anali ofunda chabe. Kumanga mimba kothina kuti ibwerere n'chimodzimodzi. Kumatsekera thukuta, ndipo choipa kwambiri, kumachititsa kuti bala lisaonedwe. Munthu akakulungidwa zitenje zitatu, ndani angavutike kumasula tsiku lililonse?

Pabala losokedwa musaikepo kanthu kalikonse kamene sanakupatseni kuchipatala. Ufa wa makapisozi umaumbika n'kupanga chikhakha pamwamba, mafinya n'kumasonkhana pansi, ndipo tizilombo timazolowera mankhwalawo moti tsiku lowafunadi sagwira ntchito. Spiriti amapsereza nyama yanthete imene ikumera. Colgate ndi wa mano. Vaseline ndi paudala wa mwana zimasunga chinyezi ndi litsiro. Za phulusa, dothi, ndowe ndi masamba otafuna, izo ndiye ndimachita nazo mantha, chifukwa tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo amene anaonapo munthu wa kafumbata, nsagwada zitagwirana, msana utapindikira kumbuyo, sangalole zimenezo pafupi ndi m'bale wake. Wina anganene kuti nanga uchi, si kuchipatala komwe amaikako nthawi zina? N'zoona, m'zipatala zina amamanga mabala otseguka ndi uchi kapena shuga, koma amatero ataliona balalo, atalitsuka, ndipo amalisintha okha. Si zoti mukagule uchi wa m'botolo pamsewu n'kukapaka pa ulusi.

Mankhwala amene mwapatsidwa imwani monga anenera, mumalize, osagawirako mnzanu. Koma pali chinthu chimene chimakhumudwitsa anthu: ena amatulutsidwa ndi panado ndi mapiritsi a magazi basi, n'kumati achipatala atimana mankhwala. Nthawi zambiri sanakumaneni. Mankhwala oteteza bala ku tizilombo amaperekedwa kudzera mumtsempha mpeni usanakhudze khungu, ndipo pa opaleshoni imene yayenda bwino, amenewo amakwana. Kupitiriza kumwa makapisozi a pagolosale kwa sabata sikuwonjezera chitetezo. Mwamuna wa mwana wanga uja anawononga ndalama imene ikanagula mazira.

Ndatchula mazira dala. Bala limatsekedwa ndi nyama yatsopano, ndipo thupi silingaumbe nyama ndi phala lamadzi ndi tiyi. Kuno kwathu nsima ya ndiwo za kachewere timaidya osadandaula, koma wodwala ameneyu afunika nyemba, nandolo, usipa, matemba, mazira, soya, nsinjiro m'masamba, mkaka ngati ulipo, ndi nkhuku ija mwakhala mukusungira alendo. Wina akakuuzani kuti mazira kapena nsomba zimavunditsa bala, musamvere. Matimati, magwafa, malalanje, mapapaya ndi masamba obiriwira zimathandiza bala kugwirana, komanso zimafewetsa chimbudzi. Izi n'zofunika chifukwa mapiritsi a magazi aja amadetsa chimbudzi, ndipo ena amawamanga m'mimba. Kuda kwa chimbudziko si matenda, musasiye kumwa. Imwani madzi ambiri kuti musamakakamize kuchimbudzi, poti kukakamiza kumakoka msoko. Amene muli pa ma ARV musadumphitse ngakhale tsiku limodzi. A matenda a shuga, ino ndi nthawi yoyezetsa pafupipafupi, chifukwa shuga akakwera bala silipola ndipo tizilombo timasangalala.

Kugona tsiku lonse si bwino. Yendani pang'onopang'ono pakhomo, kangapo patsiku, kuti magazi aziyenda ndi chifuwa chitseguke. Podzuka pamphasa kapena pabedi, yambani mwatembenukira chammbali, n'kudzikankha ndi mkono. Koma kusenza ndowa, kupopa mjigo, kusinja, kuwaza nkhuni, kugwira khasu, zonsezi zidikire milungu 6. Cholemera kuposa khanda lanu musanyamule. Apa ndikulankhula ndi inu abambo ndi apongozi, chifukwa mayi sasenza ndowa pofuna. Amasenza chifukwa mumtsuko mulibe madzi ndipo anthu ayamba kunena kuti ndi waulesi. Inunso abambo a phudzi, ndimakuonani. Sabata ziwiri zisanathe muli kale pa Lizulu kapena pa Bembeke mukukweza matumba a kachewere m'lole, mukuti bala lauma. Lauma kunja. M'kati ulusi ndi umene ukugwirabe. Za m'banja nazo zidikire mpaka mayi akapimidwe pa milungu 6.

Chinthu chimene ndimalimbikira kuposa zonse ndi ichi: balalo lionedwe ndi maso tsiku lililonse, powala. M'nyumba zathu zambiri mawindo ndi aang'ono, ndipo m'chikuta amatsekanso ndi nsalu. Khalani pafupi ndi khomo m'mawa kapena masana, masulani zonse, muone. Mayi sangathe kudziona yekha pansi pa mimba, ndiye atenge kalilole, kapena gadiyani ajambule ndi foni tsiku ndi tsiku pamalo omwewo, kuti muzifananiza chithunzi cha lero ndi cha dzulo. Mabuku amanena za kufiira, koma pakhungu lathu lakudali kufiira sikuoneka msanga. Yang'anani ngati mbali ina yada kuposa inzake, ngati ikunyezimira, ngati yakwera. Ikani kuseri kwa dzanja losamba pafupi ndi msoko, kenako pantchafu, mumve kusiyana kwa katenthedwe. Mukaona kadera kokayikitsa, zungulizani m'mphepete mwake ndi bolopeni, osati pabala penipeni. Madzulo kapena mawa mukapeza kuti kutupa kwadumpha mzerewo, mwadziwa kuti kukufalikira.

Si chilichonse chimene chili choopsa. Kutupa pang'ono motsata msoko, timadzi toyera kapena tofiirira pang'ono masiku oyambirira, kuyabwa, dzanzi, kamzere kolimba pansi pa khungu ngati chingwe, zonsezi ndi bala likupola. Likayabwa musakande. Muyezo wabwino ndi ululu. Ululu wa bala labwino umatsika tsiku ndi tsiku. Ukakhala kuti unayamba kuchepa kenako wabwereranso, makamaka wogunda ngati mtima, uja anandiuza mwana wanga, pamenepo pali kanthu. Mafinya achikasu, obiriwira kapena otuwa, fungo, kutupa kotentha, milomo ya bala kuyamba kusiyana, madzi ochuluka onyowetsa nsalu, kutentha thupi, kapena kwa mayi wochira, zotuluka kumusi zonunkha ndi kupweteka m'chinena: chimodzi chokha mwa zimenezi chikaoneka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Osadikira tsiku lochotsa ulusi lija.

Kutentha thupi kumapusitsa ambiri. Munthu akazizidwa, mutu n'kumawawa, tonse timathamangira kunena kuti ndi malungo. Akhozadi kukhala malungo, ndipo kuyezetsa n'kofunika, koma mukafika kuchipatala nenani poyambirira kuti munapangidwa opaleshoni tsiku lakuti, ndipo muonetse balalo ngakhale asakufunseni. Pamzere wautali munthu amatha kubayidwa chala, kupatsidwa mankhwala, n'kubwerera kwawo chitenje chosamasulidwa. Ngati muli ndi choyezera kutentha kwa thupi, 38 kupita m'mwamba ndi chizindikiro. Kumbukiraninso kuti panado amatsitsa kutentha kwa maola angapo, ndiye thupi kuzizira mutamwa panado sikutanthauza kuti zatha.

Pali zizindikiro zina zimene sizidikira kuti kuche. Wodwala akamanjenjemera mwamphamvu, kupuma mothamanga, mtima kugunda mofulumira, kulankhula zosamveka kapena kungofooka osafuna kudzuka, kukodza pang'ono kapena osakodza tsiku lonse, mimba kufufuma ndi kusanza, ndiye kuti matenda afalikira m'thupi, ndipo munthu akhoza kutayika m'maola ochepa. Magazi otuluka osaleka, khungu lozungulira bala kuda bii kapena kuchita matuza, nsagwada kuuma, n'chimodzimodzi. Dzutsani wa njinga yamoto kapena wagalimoto usiku womwewo. Bala la pamimba likaphulika, zam'kati n'kuonekera, musazikankhire m'kati. Mgonekeni chagada mawondo atapinda, phimbani ndi nsalu yoyera yonyowetsa ndi madzi a mchere owiritsa aja, musam'patse chakudya kapena chakumwa, nyamukani. Chifukwa cha zoterezi ndimauza mabanja kuti ndalama ya transipoti ikhale padera kuyambira tsiku lotuluka, ndi nambala ya wa njinga ikhale m'foni. Ngati mwangokayikira ndipo chipatala chili kutali, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, kapena imbani ku Chipatala Cha Pa Foni. Koma foni siona bala. Akakuuzani kuti pitani, pitani.

Mwana wa achemwali anga tinapita naye Lolemba lomwelo. Adokotala anadula ulusi mbali yotupayo, mafinya n'kutuluka odzaza kambale, ndipo mwamuna wake, amene anaima pakhomo, nkhope inagwa. Panjira anandifunsa kuti, "Amayi, bwanji alitsegulanso m'malo molisoka?" Funso limeneli ndalimva kambirimbiri. Mafinya akatsekeredwa, mankhwala akumwa kapena obaya safikamo bwino, choncho chithandizo chenicheni ndi kuwatsegulira njira. Bala lotero salisoka msanga. Amalitsuka, kuikamo tinsalu ta kuchipatala, n'kulisiya kuti lidzaze lokha kuchokera pansi, ndipo ena amadzawasokanso likayera. Nyama yofiira ya timatuza ngati mkati mwa gwafa ikayamba kuoneka, musaope, imeneyo ndi yabwino. Chimene simuyenera kuchita ndi kufinya nokha kunyumba, kapena kutumbula ndi singano kapena minga, chifukwa mumakankhira mafinya m'kati. Musasiyenso kupita kokatsukitsa poona kuti pamwamba payamba kuuma. Pakatsekeka pamwamba pansi pali mphako, mafinya amabwerera.

Iye anagonekedwa masiku anayi akulandira jakisoni, akuyamwitsa mwana wake monga mwa masiku onse, poti bala lovunda sililetsa kuyamwitsa. Atatuluka anayenda ulendo wokatsukitsa pafupifupi milungu itatu, ndipo ya kabaza inadya thumba la chimanga limene anasunga kuti adzagulire fetereza. Chipsera chake mbali ya kumanzere n'chotambalala kuposa kumanja. Ndinamuuza kuti adikire zaka ziwiri asanatengenso pathupi, kuti chiberekero chilimbe, ndipo pathupi potsatirapo akanene kusikelo kuti anachitidwapo opaleshoni, akadikirire kuchipatala chokhala ndi fiyeta.

Masiku onsewo amene ankawiritsa madzi ndi kusita tinsalu anali apongozi aja. Anapempha simbi kwa aneba, n'kumadzuka m'mamawa kukoleza makala, ndipo palibe mlendo amene analoledwa kulowa m'chipinda asanathiridwe madzi m'manja pakhonde. Tsiku lina ndikutsanzika anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kundifunsa motsitsa mawu: "Nanga anesi, msana wokhawu? Akudandaula msana usiku." Ndinawauza kuti amukhazike pampando, amuthowe msana ndi miyendo ndi madzi ofunda, ayambe ayesa ndi chigongono chawo, ndipo madzi asatsikire kutsogolo.